Ubongo wa munthu wamkulu suuma ayi

Ambiri timakhulupirira kuti munthu akakula ubongo wake umauma, moti zimene sanaphunzire ali mwana sangazigwirenso. Si zoona, ndipo umboni wake uli pamalo aang'ono kwambiri.

Pamene maselo awiri a mu ubongo amakumana pali kampata kotchedwa synapse. Pa ma synapse ambiri, selo lotumiza uthenga limatulutsa mankhwala otchedwa glutamate, omwe amakagwera pa timakomo ta selo linzake. Timakomo ta mtundu wa AMPA timatseguka msanga. Ta NMDA ndiye tovuta: timakhala totsekedwa ndi mchere wotchedwa magnesium, ndipo timatseguka pokhapokha uthenga ukabwera mobwerezabwereza mpaka mphamvu ya magetsi m'selo lolandira itakwera. Apo magnesium amachoka, mchere wina wotchedwa calcium n'kulowa m'selomo. Calcium ameneyu amadzutsa puloteni yotchedwa CaMKII, selo n'kuwonjezera timakomo ta AMPA pamalopo. Ulendo wotsatira uthenga womwewo umadutsa mosavuta, ngati njira ya kudambo imene anthu aipondaponda.

Kulimba kwa synapse kumeneku akatswiri a sayansi Tim Bliss ndi Terje Lømo anakufotokoza mu 1973, atakuona mu hippocampus ya akalulu, mbali ya ubongo yothandiza kukumbukira.

Chimene anthu amachiiwala n'chakuti zimabwereranso m'mbuyo. Calcium akamalowa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, selo limachotsa timakomo tina ta AMPA ndipo synapse imafooka. Komanso kuti kusinthako kukhalitse, selo liyenera kupanga mapuloteni atsopano, ntchito yotenga maola. Ukalamba umachedwetsa zonsezi, inde, koma agogo amene akuphunzira kutumiza uthenga pa foni, ma synapse awo akusintha ndithu.