Zigoba za gule zinafika bwanji pa mishoni ya Mua?

Mu 2026 malo a zachikhalidwe ndi luso a KuNgoni, pa mishoni ya Mua m'boma la Dedza, akukwanitsa zaka 50. Koma funso limodzi silinathe: kodi n'koyenera kuti munthu wosameta, ngakhale mlendo wongodutsa, alipire pakhomo n'kukayang'anitsitsa nkhope za zilombo za Gule Wamkulu?

Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902, m'dera la Inkosi Kachindamoto ya Angoni, koma m'midzi munali Achewa ambiri. Mkangano wa ansembe ndi a gule unakula m'zaka za m'ma 1920, ndipo ankalimbirana anyamata. Sukulu ya mishoni inkawafuna, dambwe nalo linkawafuna. Mkhristu wopezeka ku gule ankamuletsa masakramenti. A gule ankabwezera pabwalo ndi zilombo zonyoza mishoni: kunatuluka Maliya, kunatuluka Simoni wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Zambiri za nthawiyo timaziwerenga m'mabuku a tsiku ndi tsiku omwe ansembe ankalemba okha, ndiye musadabwe kuti wolakwa amakhala wa nyau nthawi zonse. Mbali inayo sinalembe kanthu, poti za kudambwe saulula. Yankho lawo linatsalira m'nyimbo ndi m'zigobazo.

Zinthu zinatembenukira ku Roma. Msonkhano wachiwiri wa Vatican, kuyambira 1962 mpaka 1965, unatsegula khomo loti Mpingo uzilemekeza miyambo ya eni nthaka. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada, omwe anthu anawapatsa mfunda woti Chisale, anafika m'Malawi mu 1967. Iwo sanathamangitse gule, koma ankakhala pamaliro ndi pazinamwali, kumvetsera nyimbo ndi kulemba tanthauzo la chilombo chilichonse. Mu 1976 anayambitsa KuNgoni, poyamba ngati malo ophunzitsira amisiri osema. Nyumba yosungiramo zakale ya Chamare inabwera pambuyo, ndi zipinda zitatu: cha mbiri ya mishoni, cha Achewa, ndi cha Angoni ndi Ayao. M'chipinda chapakati muli zigoba zoposa 400.

Kusunga zinthu zoterezi n'kulimbana ndi chibadwa chake. Chigoba amachisema pamtengo, n'kuchiveka nthenga, khonje, zikopa ndi nsanza. Chiswe chimadya mtengowo, njenjete zimamaliza nsalu ndi nthenga, ndipo chinyezi cha m'dzinja chimabweretsa nkhungu. Kasiyamaliro ndiye chovuta kwambiri. Amamuluka ndi timitengo, udzu ndi makoko a chimanga, ndipo mwambo wake ndi woti akatha kuperekeza mzimu wa malemu, amamutentha. Sanapangidwe kuti aone chaka china.

Oikira kumbuyo Chamare amati popanda nyumbayi zilombo zambiri zakale zikanaiwalika, ndipo UNESCO italemekeza Gule Wamkulu mu 2005 zinaoneka ngati mfundo yawo yapambana. N'zoona ndithu. Komabe kumudzi mwana amauzidwa kuti chilombo chimafulidwa kumanda, ndipo amadziwa zina akameta basi. Ku Mua mwana yemweyo, atabwera ndi anzake a sukulu, amapeza Chadzunda atapachikidwa phee, dzina lake litalembedwa pambali.