Zoyera za mu ketulo zija si poizoni

Amayi ena a ku Kapata anandiyimitsa pamsika sabata yatha, ati aphunzitsi, ketulo yanga pansi pachita zoyera zolimba ngati laimu, kodi madzi a pa borehole yathu ali ndi poizoni? Ndinangoti ayi amayi musaope, koma ndinali pa changu, ndiye ndilongosole bwino pano.

Madzi a mvula akamalowa mu nthaka amatenga mpweya wa carbon dioxide, ndiye akakumana ndi miyala ya laimu amaisungunula pang'ono pang'ono nkupanga calcium hydrogencarbonate. Ameneyu amasungunuka bwino bwino, mukatunga madzi simuona kanthu. Koma mukangowawiritsa amasweka nkutuluka calcium carbonate, ndipo uyu madzi sakwanitsa kumusunga. Tayerekezani, mu lita imodzi ya madzi mungasungunule mchere pafupifupi magalamu 360, shuga mpaka makilo 2, koma calcium carbonate safika ngakhale magalamu 0.02. Ndiye wotsalayo apite kuti? Amadikha pansi nkukakamira. Cholimba chotuluka m'madzi chonchi ku chemistry timachitcha precipitate. Mu equation ili m'munsiyi, Ca(HCO3)2 ndi calcium hydrogencarbonate uja, CaCO3 ndi calcium carbonate, H2O ndi madzi, CO2 ndi carbon dioxide.

Ca(HCO3)2 → CaCO3 + H2O + CO2

Werengani nokha. Calcium 1 kumanzere, 1 kumanja. Carbon 2 uku, 2 uko. Hydrogen 2 ndi 2, oxygen 6 ndi 6. Palibe chabwera kuchokera kwina, zonse zinalimo kale m'madzi omwe mumamwa aja. Antoine Lavoisier wa ku France analemba lamuloli mu 1789, kuti zinthu zikamasandulika palibe chotayika palibe choonjezeka, ndipo kubalansa equation konse kwaima pamenepa basi.

Kutsuka ketuloyo nako ndi chemistry. Thiranimo viniga wosakaniza ndi madzi, kapena madzi a mandimu, muona tithovu tikutuluka, ameneyo ndi carbon dioxide.

CaCO3 + 2CH3COOH → Ca(CH3COO)2 + H2O + CO2

Taonani 2 ali kutsogolo kwa CH3COOH, amene ndi asidi wa mu viniga. Calcium mmodzi amafuna ma acetate awiri (acetate ndi CH3COO yochokera mu asidiyo), ndiye timaika 2 wamkulu kutsogolo. Apa ndi pomwe ana anga a Grade 12 amandipweteketsa mtima chaka ndi chaka pokonzekera mayeso a ECZ (bungwe la mayeso la ku Zambia), mwana akaona kuti oxygen sakukwana amathamangira kusintha kanambala kakang'ono kapansi kaja, H2O nkuisandutsa H2O2, osadziwa kuti wasiya madzi akumwa walemba hydrogen peroxide, mankhwala oyeretsera tsitsi ku saluni. Tinambala tapansi ndi dzina la chinthucho, sitikhudzidwa. Mumasintha nambala ya kutsogolo chabe, imene imanena kuchuluka kwake.

Calcium yemweyu ndi amene amachititsa kuti sopo wamtanda asachite thovu pochapa, amagwirana ndi sopoyo nkupanga zonata zotuwa zija zoyandama mu beseni, nayonso ndi precipitate. Kuwiritsa kumathandiza koma osati pa madzi onse, ngati muli calcium sulphate muwiritse mpaka makala athe, sachoka.

Za ketulo ija amayi, viniga agonemo usiku wonse, m'mawa mutsukuluze kawiri katatu musanaphike tiyi.