Nyali za ku msasa muziwerengere ngati ufa

Aliyense amene anatsogolerapo achinyamata kukagona kuthengo amadziwa kuwerengera ufa. Ana 40, masiku atatu, nsima kawiri pa tsiku: amayi oyang'anira zophika amangonyamula thumba n'kunena kuti uwu sufika Lamlungu. Koma ikafika nkhani ya nyali, anthu omwewo amangoti "tatchaja zonse," n'kuziponya m'katoni. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi ndi masola, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikuperekeza achinyamata a kumpingo kwathu ku misasa yawo. Usiku woyamba msasa umawala ngati msika wa m'tauni. Wachiwiri nyali zimayamba kuzilala. Wachitatu umapeza atsikana akulowera kuchimbudzi akupapasa njira ndi kakuwala ka foni. Nyalizo nthawi zambiri sizikhala zoipa. Chimene chimasowa ndi munthu wowerengera.

Ndiyambe ndi kunena kuti nyali yotchaja ndimaikonda, ndipo sindifuna kuonanso koloboyi kapena kandulo m'tenti ya ana. Nsalu ya matenti ambiri ndi yapulasitiki. Ikagwira moto imasungunuka, n'kumadonthera pakhungu ikadali yotentha, ndipo ana asanu ndi mmodzi ogona mopanikizana sangatulukire pakakhomo kamodzi nthawi imodzi. Nyali ya LED ilibe lawi, ilibe utsi, mphepo siizimitsa, ndipo mwana akaigunda ndi phazi palibe parafini wotayikira pabulangeti. Chenjezo limodzi lokha pamenepa: nyaliyi sitenthetsa, ndiye kukazizira wina amaganiza zolowetsa mbaula m'tenti. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo. Mbaula ikhale panja, kuzizire motani.

Tsopano masamu ake, amene si ovuta kuposa a ufa.

Pakatoni ya nyali mupeza manambala awiri. Imodzi ndi ya lumens, imene imanena kuchuluka kwa kuwala. Kandulo imodzi imapereka ma lumens pafupifupi 12, choncho nyali ya ma lumens 300 ili ngati makandulo 25 oyaka pamodzi. Nambala inayo ndi ya mAh, imene imanena kukula kwa batire, kapena tinene kukula kwa nkhokwe. Ogulitsa amakuwa kwambiri za nambala yoyamba chifukwa ndi imene maso amaona m'sitolo. Kumsasa yofunika ndi yachiwiri.

Titenge nyali wamba imene ili ndi batire limodzi la lithium la mtundu wa 18650, looneka ngati batire la tochi koma lokulirapo. Batire lotere limakhala la mavolti 3.7, ndipo tinene kuti ndi la 2,000 mAh. Mukachulukitsa 3.7 ndi 2 (kuimira 2,000 uja) mupeza ma watt-hour 7.4, kutanthauza kuti m'nkhokwemo muli mphamvu yoyendetsa chinthu cha watt imodzi kwa maola 7 ndi kachigawo. Mukaiyatsa mwamphamvu kwambiri, nyali yotere imatha kudya ma watt atatu, ndiye pakatha maola awiri ndi theka yathima. Mukaitsitsa kufika pa theka la watt, nyali yomweyo imakufikitsani maola 14. Mukaona pakatoni palembedwa "maola 20," dziwani kuti akunena za kuwala kotsikitsitsa, ndipo ma lumens amene alembedwa pambali pake ndi a kuwala kokwereratu. Ziwirizi simungazipeze nthawi imodzi.

Ikani masamu amenewa pambali pa usiku wa kwathu kuno. Mu June ndi July, pamene magulu ambiri amakonda kutuluka chifukwa kulibe mvula, dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko madzulo, ndipo mdima umatenga maola pafupifupi 12. Kuyambira nthawi ya chakudya, mapemphero, nyimbo, mpaka kugona cha m'ma 9:30, ndi maola anayi. Nyali ija ikayatsidwa mwamphamvu sifika ngakhale pa pemphero lomaliza la usiku woyamba.

Mankhwala ake ndi kutsitsa kuwala, ndipo apa anthu amandikanira mpaka ataona okha. Diso la munthu limazolowera mdima. Pakatha mphindi 20 kapena 30 mumayamba kuona zinthu zimene poyamba simumaziona. Mukayatsa nyali yothobwa m'maso pakati pa bwalo, aliyense amaona bwino pamene pali nyalipo, koma akangotembenuka kuthengo kumakhala bii, kuposa mmene kukanakhalira. M'tenti, ma lumens 20 mpaka 40 ndi okwanira kupeza juzi ndi kuyala mphasa. Pophikira ndi pamene pamafunika kuwala kwenikweni, chifukwa pali mipeni, madzi owira ndi mafuta. Pabwalo la msonkhano, nyali ziwiri zotsitsidwa zopachikidwa pamwamba, kupitirira mitu ya anthu, zimathandiza kuposa imodzi yamphamvu yoikidwa pansi. Yapansi imangowalitsa maondo n'kuponya zithunzithunzi zazitali.

Pali kanjira kamene ndimawaphunzitsa ana chaka chilichonse. Tengani kachigubu koyera ka malita asanu, mudzazemo madzi, n'kumangirira tochi pambali pake italoza m'kati. Chigubu chonse chimayaka mofatsa ngati mwezi, ndipo ana 10 angawerenge nyimbo atachizungulira. Amachita kudabwa nacho.

Nyali yoyamba kuikonzera malo, m'maganizo anga, ndi ya kuchimbudzi. Osati ya abusa, osati ya pabwalo. Njira ya kuchimbudzi ndi imene mwana amayenda yekha pakati pa usiku, atasinza, mwina opanda nsapato, m'malo amene sakuwadziwa. Muli zitsa, muli miyala, nthawi zina njoka ndi zinkhanira. Kwa atsikana pali mantha enanso amene atsogoleri aamuna timachedwa kuwaganizira. Ndinaonapo mtsikana wina atadzuka m'mawa nkhope ili yotopa, akudandaula m'mimba, ndipo amayi ena atamufunsa mofatsa anaulula kuti anapirira usiku wonse poopa mdima. Kuyambira tsiku limenelo ndimasankha nyali ziwiri za mabatire abwino koposa, imodzi kwa atsikana, ina kwa anyamata, kuzitsitsa kuwala, kuzipachika pamalo okwera, n'kulamula kuti ziyake mpaka m'bandakucha ndipo pasapezeke wozichotsa. Pa theka la watt, maola 12 ndi ma watt-hour 6, ndiye nyali ija ya 7.4 imakwanitsa usiku umodzi basi. Mawa lake iyenera kukhala yoyamba kutchajidwa.

Mdani wamkulu wa nyali za kumsasa ndi foni. Nyali zambiri masiku ano zili ndi kabowo ka USB kotchajira, ndipo simuchedwa kumva mawu akuti, "Ankolo, ndingobayako pang'ono, yatsala 5 peresenti." Batire la foni zamakono limakhala la 4,000 kapena 5,000 mAh, kuwirikiza kawiri la nyali ija. Foni imodzi imamwa nyali yonse n'kutsalabe ndi ludzu. Ine ndimamata selotepi pa timabowo tonseto tisananyamuke, n'kupatula power bank imodzi ya foni ya mtsogoleri yoimbira pakagwa zadzidzidzi. Nayonso musanyengeke nayo: yolembedwa 10,000 mAh imapereka mwina magawo awiri mwa atatu a nambalayo, chifukwa mphamvu ina imatayika posintha mavolti 3.7 kukhala 5.

Nanga kutchajanso? Ngati msasa uli pasukulu kapena patchalitchi pali magetsi, nkhani ndi yongonyamula ekisitenshoni ndi zingwe zokwanira, osaiwala kuti magetsi amatha kuthima. Kumalo kopanda magetsi, monga m'nyumba zogonamo okwera phiri ku Mulanje, ku Chambe, Lichenya kapena Thuchila, mumadalira dzuwa kapena zimene mwanyamula kuchokera ku Likhubula. Sola ya ma watt 20 pa tsiku lowala bwino ingakupatseni ma watt-hour 70 kapena 80, okwanira kudzaza nyali pafupifupi 10 za mtundu uja. Kasola kakang'ono komatidwa pamutu pa nyali yeniyeniyo musakadalire. N'kochepa kwambiri, ndipo kuti kadzaze batire lalikulu pamatenga masiku angapo.

Ndiye pali chiperoni. Amene amadziwa Mulanje, Thyolo ndi phiri la Zomba amadziwa kuti m'miyezi yozizira yomweyi mtambo ungathe kutsika n'kukhala masiku awiri kapena atatu, kukuwaza kamvula kosalekeza. Sola pamenepo imapereka zochepa kwambiri. Choncho powerengera muziyesa ngati dzuwa silituluka konse, ndipo likatuluka muzilitenga ngati mphatso. Kuzizira nakonso kumafooketsa batire. Pamwamba pa Mulanje, pamene nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, usiku wa July umatha kugwa chisanu, ndipo nyali imene kumudzi imayaka maola 10 imafulumira kuthima. Mabatire osungira muwaike m'thumba la jekete kapena m'chofunda, pafupi ndi thupi. Batire la lithium lisatchajidwe likadali lozizira ngati ayezi: dikirani dzuwa likwere kaye.

Kunyanja vuto limatembenuka. Ku Cape Maclear kapena ku Senga Bay tenti yotsekedwa masana imasanduka uvuni, ndipo kutentha kumakalambitsa batire msanga. Sola ikhale padzuwa, koma nyali imene ikutchajidwayo ikhale pamthunzi, pa chingwe chachitali. Kumeneko tizilombo touluka timathamangira kuwala koyera kwambiri kuposa kuwala kofiirira ngati kwa babu yakale. Mukapachika nyali yoyera pamwamba pa mphika wa ndiwo, mudya ndi nkhungu zomwe. Ipachikeni chapatali pang'ono, ndipo isakhale pakhomo penipeni pa tenti.

Pogula, nyamulani nyaliyo m'manja ndi kufunsa za batire. Pamsika pali nyali zotchipa zokhala ndi timano tiwiri tobaya pakhoma, zimene zambiri mwa izo zili ndi batire la lead-acid, m'bale wake wa batire la galimoto. Batire lotere likatheratu n'kugonekedwa miyezi osatchajidwa, limafa osadzukanso, ndipo ndi mmene nyali zambiri za magulu zimafera m'kabati ya kutchalitchi pakati pa msasa wina ndi unzake. Za lithium n'zopepuka ndipo zimapirira, koma zabodza zachuluka. Batire la 18650 lenileni silipitirira kwenikweni 3,500 mAh, ndiye mukaona lolembedwa 9,900 mAh, limenelo ndi bodza la masana. Lenileni limalemera magalamu pafupifupi 45, pamene labodza limapepuka ngati lopanda kanthu m'kati. Nyali za sola za makampani odziwika monga d.light ndi Sun King zimadula pang'ono, koma zimabwera ndi walanti, ndipo maola olembedwa pakatoni amayandikira zimene mudzaone. Yang'ananinso chizindikiro cha IPX4, chimene chimatanthauza kuti nyaliyo ipirira madzi owaza. Yopanda chizindikirochi ivekeni kajumbo koonekera m'kati, kukamwa kwake kuloze pansi.

Chinthu chimodzi sindinyengerera: batire likatupa, likamatentha kwambiri potchaja, kapena likamatulutsa fungo lachilendo, ntchito yake yatha. Lisabooledwe, lisaponyedwe pamoto wa msasa ngati zinyalala zina, chifukwa limaphulika. Liikeni pamchenga kutali ndi matenti, n'kubwerera nalo. Ndipo kutchaja kusachitikire m'tenti pansi pa zofunda, ana ali mtulo.

Zonsezi zimayenda bwino zikapatsidwa mwini. Ine ndimasankha achinyamata awiri, mtsikana ndi mnyamata, kukhala oyang'anira nyali. Sabata imodzi tisananyamuke amatchaja nyali iliyonse, kuiyatsa pa kuwala kumene tidzagwiritse ntchito, n'kulemba nthawi imene yathima. Maola amenewo amawalemba ndi maka pa kaselotepi n'kumata pansi pa nyaliyo, pamodzi ndi nambala yake. Yolembedwa maola 13 ikupita kuchimbudzi, ya maola anayi ikupita kutenti, ya ola limodzi ikutsala. Kumsasa amatolera nyali zonse m'mawa, kuziwerenga, kuyamba kutchaja za kuchimbudzi, kenako ya pophikira, zotsalazo pambuyo, n'kuzigawanso dzuwa lisanalowe.

Mukabwerako musaziponye m'kabati zili zotheratu. Za lithium muzisunge zili ndi moto wa theka kapena kupitirira pang'ono, pamalo ouma ndi ozizira bwino, ndipo za lead-acid zikhale zodzaza. Pakatha miyezi itatu iliyonse, achinyamata awiri aja atsegule kabatiyo, aziyese imodziimodzi, n'kuwonjezera moto pa zimene zatsika.