Mkangano wa Nobel ya 1974 unayambira m'munda wa mawaya ku Cambridge

Anthu akamakamba za mphoto ya Nobel ya physics ya 1974 amathamangira kunena kuti mtsikana amene anatulukira ma pulsar anaberedwa mphotoyo, basi, koma nkhaniyi inayamba kale mu 1965 pomwe Jocelyn Bell wa ku Northern Ireland anafika pa yunivesite ya Cambridge ku England kudzachita PhD.

Telesikopu yake musaganize yagalasi ija ayi. Inali yomvera mafunde a wayilesi ochokera kuthambo, mapolo oposa 1,000, maeriyo 2,048 ndi mawaya pafupifupi makilomita 190, zonsezi pa maekala anayi ndi theka, kuiona patali ungati munda wa tomato wozikira mitengo. Mapulani anali a Antony Hewish amene ankamuyang'anira pa maphunziro, cholinga kusaka ma quasar, zinthu zowala kwambiri zimene zili kutalitali kuthambo, koma zaka ziwiri zathunthu Bell ndi anzake ochepa ndi amene ankamenya hamala ndi kulumikiza mawayawo ndi manja, kaya kukuzizira kaya kukugwa mvula.

Itayamba ntchito mu July 1967 panalibe kompyuta yowerenga zotsatira, zolembera zinkangojambula mizere papepala, mamita ngati 30 tsiku lililonse, ndiye Bell yemweyo aziyang'ana ndi maso. Mu August anaona kachizindikiro kosakwana sentimita, sikankaoneka ngati quasar komanso sikankafanana ndi phokoso la magalimoto lomwe analizolowera, ndipo kankabwerera pamalo omwewo kuthambo. Hewish poyamba ankati ndi zopangidwa ndi anthu izi. Bell sanagonje. Pa 28 November anathamangitsa pepala lija kuti mizere itambasuke, pompo anaona kugunda kumodzi pa masekondi 1.33 aliwonse, osaphonya. Anakatcha LGM-1 (chidule cha Little Green Men), mocheza, kuti mwina ndi tianthu takumwamba, mpaka Bell atapeza kena mbali ina ya thambo m'pamene zinadziwika kuti ndi mtundu wa nyenyezi, zomwe lero timati ma pulsar, zotsala za nyenyezi yophulika zimene zimazungulira mwaliwiro.

Lipoti linatuluka m'magazini ya sayansi ya Nature mu February 1968, dzina la Hewish poyamba, la Bell lachiwiri. Kufika 1974 mphoto inapita kwa Hewish ndi Martin Ryle, wasayansi mnzake wa ku Cambridge. Fred Hoyle, katswiri wa zakuthambo wa ku Britain, anadzudzula poyera kuti Bell wasiyidwa. Mwiniwake Bell sanakwiye, ankati mphotoyi si yopatsa ophunzira mwachisawawa, ndipo apa ine ndimasiyana nawo mayiwa ngakhale ndimawalemekeza kwambiri. Hewish anayenera inde, makinawo anali nzeru zake, koma kachizindikiro kaja akanakaona ndani kupanda munthu amene anagwira mawayawo ndi manja ake mpaka kudziwa phokoso la makinawo ngati mayi adziwira kulira kwa mwana wake?

Mu 2018 Bell anawapatsa mphoto ina ya sayansi yotchedwa Breakthrough Prize ya madola 3 miliyoni, ndalama yonseyo anaipereka ku bungwe la Institute of Physics kuti ikhale sikolashipu ya PhD kwa atsikana, othawa kwawo ndi ena amene saoneka kawirikawiri mu physics.