Kampata kosakwana milimita komwe kanayambanitsa Qatar Airways ndi Pratt & Whitney

Kuyambira mu July 2023, pomwe RTX, kampani yomwe ndi mwini wa Pratt & Whitney, inalengeza kuti ufa wachitsulo womwe anaumbira zimbale zina za injini ya PW1100G unali ndi zitsotso, ndege zambiri za Airbus A320neo, zomwe zimayendera injiniyi, zakhala zili pansi kudikira kuti injini zawo zimasulidwe. Nkhaniyi ikangobuka, sipalephera wina wokumbutsa kuti Qatar Airways inaikana injiniyi isanayambe n'komwe kunyamula anthu, ndiye kuti Akbar Al Baker, yemwe ankatsogolera kampaniyo, anaonera patali. Komatu awa ndi matenda awiri. La 2023 linabadwira m'fakitale. La Qatar linali la kutentha, ndipo msinkhu wake ndi wofanana ndi wa injini ya jeti yeniyeniyo.

Qatar Airways ndiyo inayenera kulandira A320neo yoyamba kumapeto kwa 2015. Itakana, ndegeyo inapita ku Lufthansa, kampani ya ndege ya ku Germany, mu January 2016. Chomwe chinavuta ndi ichi: injini ikazimitsidwa, mpweya wotentha wotsalira m'katimo umakwera m'mwamba, kunsi n'kuzizira msanga. Shafuti, chitsulo chachitali chozungulira pakati pa injini, imatalika pang'ono kumtunda kuposa kunsi, n'kupindika ngati uta. Mukailiza ili choncho imanjenjemera, ndipo nsonga za timapiko ta kompuresa, gawo lopanikiza mpweya, zimapala chigoba cha injini. Poyamba mankhwala ake anali kuizunguza ndi mpweya wokha, popanda moto, kwa mphindi zingapo mpaka kutentha kufalikire mofanana. Kwa kampani yofuna kuti ndege itere, itsitse anthu, ikweze ena n'kuulukanso, mphindi zimenezo pa injini iliyonse ndi ndalama.

Gwero la vutoli ndi loti chitsulo chimafutukuka chikatentha. Chitsulo cha nickel chotalika mita imodzi chikatenthedwa ndi madigiri 1,000 chimatalika ndi pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Frank Whittle, m'modzi mwa oyamba kupanga injini ya jeti, anakumana nazo zimenezi atangoliza injini yake yoyamba ku Rugby, ku England, mu April 1937, ndipo timapiko ta tabaini, gawo lozunguzidwa ndi mpweya wotentha wochokera pamoto, tinamuvutitsa kwa zaka. M'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, a ku Britain anakhazikika pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi chitsulo cha Nimonic 80, chomwe sichifooka msanga pamoto. Chachiwiri ndi tsinde la kapiko la manomano, lofanana ndi nthambi za mtengo wa paini, lomwe limalowetsedwa m'chimbale chonyamula timapikoto osawotcherera. Kukazizira kapikoko kamagwedera pang'ono, koma injini ikazungulira n'kutentha kamadzimanga kokha. A ku Germany nickel inkawasowa, motero mu injini yawo ya Jumo 004 anaikamo timapiko tobowoka m'kati kuti mpweya uzidutsa n'kutiziziritsa, ngakhale injiniyo inkatha itangogwira ntchito maola 10 mpaka 25. Olemba mbiri amakonda kusankha mbali pamenepa, wina kutama Nimonic, wina timapiko tobowoka. Injini ya lero ili nazo zonse ziwiri.

Zaka makumi atatu zotsatira sindichedwapo. Mafuta anali otchipa, ndipo njira yosavuta yopewera kuti kapiko kasakhudze chigoba inali kusiya mpata wokwanira.

Pomwe zinatembenukira, kwa ine, ndi mu 1973. Pakati pa October chaka chimenecho ndi kumayambiriro kwa 1974, mtengo wa mgolo wa mafuta unachoka pa madola atatu kufika pafupifupi 12, ndipo kampata kaja kanasanduka chiboo chotayira ndalama. Mpweya uliwonse wozemba pamwamba pa nsonga ya kapiko umakhala wapsereza mafuta osazunguza kanthu. Akatswiri a NASA, bungwe la boma la America lofufuza za ndege ndi zakuthambo, amawerengera kuti kuchepetsa mpatawu ndi mamilimita 0.25 okha mu tabaini yoyamba kumapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mafuta, komanso kumatsitsa kutentha kwa utsi ndi madigiri 10. Vuto n'lakuti zitsulo za m'katimo sizifutukuka nthawi imodzi. Woyendetsa ndege akakankha mphamvu ponyamuka, liwiro lozungulira limakoka chimbale ndi timapiko pompopompo, timapiko topyapyalato timatentha m'masekondi ochepa, ndipo kampata kamatsala pang'ono kutsekeka. Kenaka chigoba chimatentha n'kutakasuka, mpata n'kukula. Chimbale, poti n'chochindikala, chimabwera pambuyo patapita mphindi zambiri. Ukayezera mpata pa mphindi yoopsa ija ya ponyamuka, ndiye kuti ulendo wonse wa m'mwamba, womwe ndi maola ambiri, injini imakhala yomasuka kwambiri.

Yankho lomwe linakhwima m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pomwe NASA inkagwira ntchito ndi General Electric komanso Pratt & Whitney pa injini yosamwa mafuta ambiri, linali losavuta kulimva. Anazunguliza chigoba cha tabaini ndi mapaipi okhala ndi timabowo, ndipo ndege ikafika m'mwamba n'kukhazikika, mpweya wozizira umapoperedwa pachigobacho kuti chinyale n'kuyandikira timapiko. Kuyambira pamenepo wopanga injini anasiya kuthawa kufutukuka kwa chitsulo, anayamba kukuwongolera mphindi ndi mphindi. Koma malo olakwira anachepa zedi, pomwenso mpweya wolowa mu tabaini unkakwera kupitirira madigiri 1,500, kutentha komwe kungasungunule timapikoto titapanda kuziziritsidwa.

PW1100G inabadwira m'dziko limeneli. Makampani a ndege analonjezedwa kuti adzapulumutsa pafupifupi 15 pa 100 iliyonse ya mafuta. Zambiri mwa izo zinachokera ku giya yomwe imalola fani yaikulu kuzungulira pang'onopang'ono, koma mtima wa injini, momwe muli kompuresa ndi tabaini, unapangidwa waung'ono ndi wothamanga kwambiri, ndipo kapiko kakachepa, mpata womwewo umataya gawo lalikulu la mpweya. Shafuti yopindika pang'ono chabe, yomwe injini yakale ikanaipirira, apa inalibe pothawira.

Al Baker ankadandaula kuti injiniyi sinayesedwe mokwanira, makamaka pa nyengo yotentha ngati ya ku Doha, likulu la Qatar. Pratt & Whitney inkaona vutoli ngati la injini yatsopano, lokonzeka, komanso loti injini za jeti zonse zili nalo. Zotsatira za mayeso zili m'manja mwa makampaniwo, choncho wa kunja amangoyeza mawu a uyu ndi a uyo. Wogula anali ndi ufulu wokana katundu wosakwana zomwe analonjezedwa, apo palibe chotsutsa. Koma n'zoonanso kuti injini ya LEAP-1A ya kampani ya CFM, yomwe imapikisana ndi PW1100G pa ndege yomweyo, nayonso imachedwa kulira poyerekeza ndi CFM56 yomwe inailowa m'malo, pa chifukwa chomwecho. Omwe anapempha kampata kakang'ono ndi ogula omwewo.

Mainjiniya anaika zoletsa kunjenjemera pa maberingi, anakuta nsonga zina za timapiko ta kompuresa ndi zinthu zolimba, nakonzanso pulogalamu ya kompyuta yoliza injini, ndipo nthawi yodikira inatsika. M'chipinda cha oyendetsa A320neo ya injini za Pratt & Whitney munatsala batani lomwe limalola kuzunguza injini zonse ziwiri nthawi imodzi kuti mashafuti awongoke, moto usanayatsidwe.