Chaka chomwe akhristu analetsa Khirisimasi ku England

Disembala akangofika ku Britain mkangano uja umadzukanso. Wina aona khonsolo kapena sitolo yalemba za "nyengo ya holide" osatchula Khirisimasi, ajambula, aponya pa Facebook, basi anthu ayamba kudandaula kuti Yesu akuchotsedwa pa tsiku lake lomwe. Kenako amabwera ena kudzayankha kuti tsikulo silinali la Yesu n'komwe, munachita kulanda kwa achikunja a ku Rome. Kalembera wa 2021 anawonjezera moto, chifukwa anaonetsa kuti ku England ndi Wales odzitchula akhristu atsika kufika pa 46 mwa anthu 100 aliwonse, koyamba kuchepera theka, chonsecho mtengo wa Khirisimasi umaimikidwa ndithu m'nyumba za anthu omwe ku tchalitchi sapondako.

Mbali zonse ziwiri zimakonda kuthamangira ku Rome, ndiye tidutseko mwachangu. Baibulo silitchula tsiku lomwe Yesu anabadwa. Umboni wakale kwambiri wa 25 Disembala uli mu kalendala ina ya ku Rome ya chaka cha 354, ndipo mndandanda womwe muli tsikulo akatswiri amati unakonzedwa cha mu 336. Vuto ndi loti kalendala yomweyo ikuonetsanso kuti pa 25 Disembala panali chikondwerero cha Invictus, chomwe ambiri amati ndi cha mulungu dzuwa yemwe mfumu Aurelian inamumangira kachisi mu 274. Ndiye anayamba ndani? Pepalalo silinena. Ena amati mpingo unatenga tsiku la dzuwa, ena amati ayi, akhristu anawerengera okha, amakhulupirira kuti Yesu anafa pa 25 Malichi ndipo tsiku lomwelo ndi lomwe Mariya anatenga pakati, ukawonjezera miyezi 9 ukufika pa 25 Disembala. Mfundo zonse ziwiri zili ndi anthu ophunzira kumbuyo kwake ndipo palibe kalata ya bishopu wa nthawiyo yofotokoza chifukwa chake. Za Saturnalia, chikondwerero cha achikunja a ku Rome chomwe anthu amakonda kutchula chija, inkayamba pa 17 ndipo pofika pa 23 inali itatha.

Chomwe chilibe mkangano ndi nyengoyo. Ku London kumapeto kwa Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, masana sakwana maola 8, kumunda kulibe ntchito, ziweto zina zinkaphedwa chifukwa udzu wozidyetsa mpaka chisanu chithe unalibe, mowa unali utapsa. Munthu wosauka nyama yokwanira ankaiona nthawi imeneyi. Ife kuno Khirisimasi imatipeza mvula ili mkati, tikupalira, nkhokwe zikuyamba kupepuka, ndiye n'zosavuta kuiwala kuti kumeneko phwandoli linakhala pa nthawi yokhayo yomwe wantchito akanatha kupuma. Phwandolo linkatenga masiku 12, kuyambira pa 25 Disembala mpaka kumayambiriro kwa Januwale, ndipo mwambo unali woti mwini malo atsegule khomo adyetse antchito ake ndi amphawi a m'mudzi.

Kwa ine pomwe nkhaniyi inakhotera penipeni si ku Rome ayi, ndi m'zaka za m'ma 1640, pomwe boma la England linayesa kuthetsa Khirisimasi ndi lamulo, ndipo omwe anachita izi anali anthu opemphera kwambiri m'dzikomo.

Anthuwa, ma Puritan, akhristu omwe ankafuna kuyeretsa mpingo wa ku England, anali ndi zifukwa zawo ndipo sizinali zopanda pake. Choyamba ankati Mulungu analamula tsiku limodzi lokha lopatulika, la Sabata, enawa ndi owonjezera a anthu ndiponso zotsalira za Chikatolika. Chachiwiri ankaona zomwe zinkachitika m'misewu. Philip Stubbes analemba kale mu 1583 kudandaula za juga, makadi, kuledzera ndi kudya mopyola muyeso pa Khirisimasi. Iye ankalemba ngati mlaliki wokwiya ndiye pena ayenera kuti ankakuza, koma aliyense yemwe anaonapo momwe mabala amadzazira pa 25 Disembala sangati bamboyu ankangopeka.

Nkhondo ya pachiweniweni pakati pa mfumu Charles I ndi Nyumba ya Malamulo itayamba mu 1642, ma Puritan anapeza mphamvu. Panali lamulo loti Lachitatu lomaliza la mwezi uliwonse anthu azisala kudya, ndipo mu 1644 Lachitatu limenelo linagwera pa 25 Disembala penipeni. Aphungu analamula kuti kusala kupitirire, anthu alape machimo awo ndi a makolo awo omwe anasandutsa tsiku lokumbukira Khristu kukhala la zokondweretsa thupi. Mu 1645 anatulutsa dongosolo latsopano la mapemphero lopanda Khirisimasi. Mu Juni 1647 ndiye anamaliza, Khirisimasi, Pasaka ndi Pentekoste zonse zinathetsedwa, ndipo m'malo mwake antchito ndi anyamata ophunzira ntchito anapatsidwa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse kuti azipuma. Apa pakuonetsa kuti aphunguwo ankadziwa bwino lomwe kuti akulanda anthu mpumulo wawo, osati pemphero lokha. Ambiri amaloza chala Oliver Cromwell, koma lamuloli linadutsa iye asanakhale wolamulira dziko, udindo umenewo anautenga mu 1653, ngakhale kuti boma lake linapitiriza kuletsako.

Disembala wa 1647 ndiye zinavuta. Ku Canterbury meya William Bridge anatuma wolengeza kuti pa Khirisimasi, yomwe inali Loweruka, msika ukhalepo ndipo mashopu atsegule ngati masiku onse. Anatsegula ndi ochepa chabe, kapepala komwe kanasindikizidwa ku London patangopita nthawi pang'ono kamati anali ngati 12. Khamu la anthu linabwera kudzawauza kuti atseke, atakana katundu wawo anamumwaza mumsewu, meya atayesa kulowererapo anamugwetsera pansi. Anthu anakoleka masamba obiriwira a holly pa zitseko, anatulutsa mpira n'kuyamba kusewera m'misewu, akaidi ena anawatulutsa m'ndende, ndipo mzindawo unakhala m'manja mwawo mpaka asilikali atabwera mu Januwale. Zipolowe zinachitikanso ku Norwich, Ipswich ndi Bury St Edmunds. Timapepala ta nthawi imeneyo tinkalembedwa ndi anthu otenga mbali, ena a mfumu ena a Nyumba ya Malamulo, ndiye manambala ake ndi ofunika kuwagwira mosamala, koma zoti mzinda unaukira palibe amatsutsa.

Mlandu wa anthuwa utafika kukhoti mu Meyi 1648, anthu a m'deralo omwe anasankhidwa kuona ngati pali mlandu anakana kuti azengedwe. Pasanapite milungu ingapo chigawo chonse cha Kent, komwe kuli Canterbury, chinadzuka kumbali ya mfumu, mpaka Thomas Fairfax, mkulu wa asilikali a Nyumba ya Malamulo, anachita kubwera ndi gulu la nkhondo n'kuwagonjetsa ku Maidstone pa 1 Juni. Sikuti Khirisimasi yokha ndiyo inayambitsa zimenezi, anthu anali atatopa kale ndi misonkho ya nkhondo komanso asilikali ogona m'nyumba zawo, koma moto unayakira pa msika uja.

Funso lomwe limandivuta ndi loti anthu a ku Canterbury ankamenyera chiyani, pemphero kapena phwando? Zolembedwa sizitiuza zomwe zinali mumtima mwa mnyamata wokankha mpira uja. Ena ankafunadi ulaliki wa Khirisimasi, ndipo alipo omwe anaika moyo pachiswe chifukwa cha pemphero lenilenilo. John Evelyn analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti pa Khirisimasi ya 1657 asilikali anazinga kachisi wina ku London ali mkati, anawaloza mfuti akupita kukalandira mgonero, kenako anamufunsa mafunso chifukwa chosunga tsiku loletsedwa. Koma ndikukayika ngati wantchito wa mu 1647 akanamvetsa n'komwe funso loti asankhe chimodzi. Kwa iye kulira kwa belu la tchalitchi, nyama ya pa tebulo la bwana ndi masiku osadzuka m'mamawa zinali chinthu chimodzi, monga momwe pa ukwati sitisiyanitsa madalitso a abusa ndi mpunga wa kumadyerero. Omwe anabwera ndi mpeni wodula pakati anali anthu ophunzira, okhala ndi chakudya chaka chonse, ndipo mtengo wa chiyero chawocho analipira ndi osauka.

Ufumu utabwerera mu 1660 pomwe Charles II, mwana wa Charles I, anakhala pampando, malamulo onse aja anagwa. Ku Massachusetts, tsidya la nyanja ku America, ma Puritan anaika chindapusa cha mashileni 5 mu 1659 kwa aliyense wosunga Khirisimasi ndipo chinakhalapo mpaka 1681, ndipo dziko la America linadzaipanga holide ya boma mu 1870. Khirisimasi ya pabanja yomwe tikuidziwa lero, ya makadi, mphatso za ana ndi mtengo wa m'nyumba, yambiri inakhazikika m'zaka za m'ma 1840, khadi loyamba logulitsa linatuluka mu 1843 ndipo chithunzi cha mfumukazi Victoria ndi banja lake atazungulira mtengo chinafalikira mu 1848.

Komwe kuletsa kunagwiradi ndi ku Scotland. Mpingo wa Presbyterian kumeneko unakana masiku a zikondwerero kuyambira mu 1560, Nyumba ya Malamulo yawo inathetsa tchuthi cha Yule, dzina lawo la nyengo ya Khirisimasi, mu 1640, ndipo ngakhale malamulo anasintha pambuyo pake, chizolowezi chinatsala. Amishoni omwe anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 anachokera m'dziko lomwe pa 25 Disembala mafakitale ndi mashopu ankatsegula ngati tsiku wamba. Koma anthu a ku Scotland sanasiye kusangalala pakati pa chisanu, anangosamutsa zonse, moto, kachasu wawo, kuyenderana ndi mphatso, n'kuziika pa usiku wolowa chaka chatsopano womwe amautcha Hogmanay, pomwe abusa analibe vesi loletsera. Khirisimasi inadzakhala holide ya aliyense ku Scotland mu 1958, ndipo tsiku lotsatira lake, la 26, linawonjezedwa mu 1974.