Ndani akupha agwape a ku Yellowstone?

Ku paki ya Yellowstone, m'dziko la America, kuli agwape akuluakulu otchedwa elk. M'chaka cha 1994, gulu lomwe limakhala kumpoto kwa pakiyi linali ndi agwape pafupifupi 19,000. Mu 1995 ndi 1996 boma linabweretsa mimbulu 31 kuchokera ku Canada, ndipo pofika 2013 agwape aja sankakwananso 4,000. Alenje ambiri a ku Montana, chigawo chomwe chili kumpoto kwa pakiyi, anagamula msanga kuti mimbulu yatha nyama.

Kwa ife ofufuza za nyama zakutchire, mlandu wotere suweruzidwa ndi chiwerengero chokha. Timafuna kudziwa kuti yafayo ndi iti, ya zaka zingati, yafa mwezi uti, nanga chaipha n'chiyani. Ntchito yolemetsayi kawirikawiri imagwera ophunzira a digiri yachiwiri ndi ya udokotala, chifukwa ndiwo amatha kukhala kutchire miyezi yambiri.

Gwape akagwidwa amamuveka lamba wa m'khosi wokhala ndi kawailesi. Nyamayo ikakhala maola angapo osagwedezeka, kawailesiko kamasintha kaliridwe, n'kuyamba kulira mofulumira. Apo wofufuza ayenera kunyamuka, kaya kuli chipale chofewa chofika m'mawondo. Akachedwa masiku awiri kapena atatu, akhwangwala ndi nkhandwe zakumeneko zimakhala zitasokoneza umboni wonse. Vuto lalikulu ndi ili: kupeza mapazi a mmbulu pa nyama yakufa sikutanthauza kuti waipha ndi mmbulu. Mwina wangoitola. N'chifukwa chake amasenda chikopa n'kuyang'ana kunsi kwake. Bala lomwe nyama yalandira ili moyo limakhala ndi magazi oundana, pomwe lolumidwa itafa kale limakhala loyera. Puma, chilombo cha mtundu wa mphaka chonga kambuku, amakwirira nyama yake ndi masamba, mimbulu imamwaza mafupa, ndipo chimbalangondo chimakonda kusiya chikopa chitatembenuzika.

Kenaka amathyola fupa la ntchafu. Mafuta a m'katimo akakhala oyera ndi olimba, nyamayo inali yonenepa. Akakhala ofiira ndi amadzimadzi, njala inali itaitha kale, moti ikanafabe ngakhale popanda chilombo. Dzino nalo amalizula, poti muzu wake uli ndi mizere yoonetsa zaka, ngati ya pa chitsa cha mtengo.

Kafukufuku amene ndimamuona kuti anatsegula anthu maso ndi wa Shannon Barber-Meyer, yemwe panthawiyo ankachita maphunziro a udokotala pa University of Minnesota. Kuyambira 2003 mpaka 2005, iye ndi anzake anaika timawailesi m'makutu mwa ana a elk 151 ongobadwa kumene. Ambiri mwa omwe anafa sanakwanitse mwezi. Pa imfa 10 zilizonse, pafupifupi 6 zinali za zimbalangondo, pomwe za mimbulu sizinafike 2. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ana amabadwa kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni, ndipo masiku oyamba amangogona phee m'maudzu, amayi awo akudya chapatali. Chimbalangondo chimayenda pang'onopang'ono m'malo oberekerawo, kununkhiza chitsamba ndi chitsamba.

Izi sizikuchotsera mimbulu mlandu. Nthawi yozizira imapha agwape ambiri ndithu. Koma kafukufuku wina, wofalitsidwa mu 2006, anayerekeza zazikazi zophedwa ndi mimbulu ndi zoomberedwa ndi alenje kufupi ndi tauni ya Gardiner ku Montana. Za mimbulu zinali za zaka pafupifupi 14, nkhalamba zotha mano. Za alenje zinali za zaka 6 kapena 7, zambiri zili ndi bere. Kwa ine apa ndi pomwe pagona nkhani, chifukwa kutayika kwa yaikazi ya msinkhu wobereka kumachepetsa gulu kuposa kufa kwa nkhalamba yomwe nyengo yozizira ikanaitengabe. Tikaonjezapo chilala cha zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndi kuchuluka kwa zimbalangondo ndi ma puma pa nthawi yomweyo, funso loti mimbulu inachotsapo angati payokha limakhala lovuta, ndipo akatswiri akutsutsanabe. Boma la Montana linayamba kuchepetsa ziphaso zosakira agwape aakazi, mpaka mu 2010 linatseka usaki wa kumapeto kwa nyengo ku Gardiner.